MATAYALA OCHIPA KUTSOGOLO, ODULA KUMBUYO: KODI MWINI GALIMOTO WAPULUMUTSA CIANI?

KU maiko a ku Ulaya ndi ku America kuli mtundu wa magalimoto umene Azungu amaucha "sports car". Awa ndi magalimoto otsika pansi kwambiri, ambiri a iwo a mipando iwiri yokha, ndipo anapangidwira liwiro basi. Sanganyamule thumba la cimanga kapena mtolo wa nkhuni, ndipo pa mseu wa kumudzi angasiye mimba yao pa mwala woyamba. Koma pakati pa eni ace a magalimoto amenewa pali mkangano wina umene uyenera kumveka ngakhale kwa ife amene timakwera minibasi, vaneti ndi kanta popita ku Boma, cifukwa mutu wa mkanganowo ndi womwewo umene umabvutitsa woyendetsa takisi wa ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke.

Mkanganowo uli tere. Matayala a galimoto ya liwiro ndi odula kwambiri. A kumbuyo ndiwo amatha msanga, popeza pa magalimoto ambiri otere mphamvu ya injini imapita ku magudumu a kumbuyo. Kawiri-kawiri a kumbuyowo amakhalanso otambalala kuposa a kutsogolo, motero munthu sangawasinthanitse monga timacitira pa galimoto wamba. Tsono mwini galimoto akamva mtengo wa matayala anai onse, mtima umagunda, ndipo amayamba kuwerengera: "Nchito yaikulu iri kumbuyo, kumeneko ndiikeko matayala a pamwamba. Kutsogolo nchito yace ndi kuloza njira cabe, ochipa adzakwanira."

Pongomva, nzeruyi iri ngati ya munthu wodziwa kusunga ndalama, ndipo tisabise, muli coonadi pang'ono m'menemo. Koma amisiri opanga magalimoto ndi matayala sagwirizana nayo. Zifukwa zao ndi zosabvuta kumva, ngakhale kwa munthu amene sanagwirepo ciongolero cibadwire.

Zikhatho zinai

Galimoto yaing'ono imakhudza pansi pa malo anai okha, ndipo malo ali onse ndi ofanana kukula kwace ndi cikhatho ca munthu wamkulu. Kuthamanga, kukhota ndi kuima, zonsezi zimadutsa pa zikhatho zinai zimenezi. Anthu ambiri amati mabuleki ndiwo amaimitsa galimoto. Zoona zace ndi zakuti mabuleki amaimitsa gudumu, koma cimene cimaimitsa galimoto ndi mphira wogwira pa mseu. Gudumu lingaime ndithu, galimoto nikumapitabe ngati cileyi cokokedwa pa matope.

Ali yense amene anakwerapo kumbuyo kwa lole adziwa cimene cimacitika dalaivala akaponda buleki modzidzimutsa. Anthu, matumba, nkhuku ndi mabasiketi, zonse zimagwera kutsogolo. Kulemera kwa galimoto yeniyeniyo kumacitanso cimodzi-modzi: kumathamangira pa matayala a kutsogolo. Pa magalimoto ambiri, matayala a kutsogolo amasenza magawo 60 kapena 70 mwa magawo 100 a nchito ya kuimitsa, ndipo ici ndico cifukwa cace mabuleki a kutsogolo amapangidwa akulu kuposa a kumbuyo. Ngakhale pa Porsche 911, galimoto ya ku Germany imene injini yace iri kumbuyo kweni-kweni, ndipo pafupi-fupi magawo 60 mwa 100 a kulemera kwace ali kumbuyoko, poima kulemera kwina kumasamukira kutsogolo.

Motero tayala limene mwini wace analipeputsa kuti limangoloza njira, ndilo limene limagwira moyo wace mbuzi ikadumphira mu mseu, kapena mwana wa sukulu akatulukira kuseri kwa basi. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imayenda pafupi-fupi mamita 28 pa sekondi imodzi. Ndiponso liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira suwirikiza kawiri ai, koma kanai.

Onse ndi akuda, koma si amodzi

Kwa munthu wongoona, matayala onse ndi ofanana: akuda, ozungulira, a mizere. Kusiyana kuli m'kati mwa mphira ndi m'mamangidwe ace, ndipo kwatenga zaka zambiri kuti anthu afike pamene ali lero. Mu 1844 Charles Goodyear wa ku America analembetsa njira yace yophika mphira pamodzi ndi sulfure kuti usamasungunuke pa dzuwa kapena kuuma pozizira. Mu 1888 John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto amene anali kukhala ku Belfast, anapangira mwana wace matayala opopa mpweya pa kanjinga ka magudumu atatu. Dzina la Dunlop akulu-akulu a m'dziko muno alikumbukira bwino, cifukwa kampani ya dzinalo inali ndi fakitale ya matayala ku Ndola. Mu 1946 kampani ya Michelin ya ku France inalembetsa tayala la mtundu wa radial, limene ulusi wace umadutsa mopingasa kucokera m'mbali kufika m'mbali, ndi lamba wa mawaya a citsulo pansi pa mizere. Pafupi-fupi magalimoto onse ang'ono-ang'ono a masiku ano amayenda pa matayala a mtundu umenewu.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, opanga matayala anayamba kusakaniza mu mphira ufa wochedwa silica, umene umathandiza tayala kugwira pa mseu wonyowa. Kusakaniza kumeneku ndi luso lodula. Kumafuna makina, akatswiri ndi kuyesa kwa nthawi yaitali. Wopanga tayala lochipa, pofuna kutsitsa mtengo, kawiri-kawiri amadumpha pomwepa, pamene diso la wogula silingaone.

Maiko a European Union anaona bvuto limeneli, ndipo mu November 2012 anayamba kukakamiza kuti tayala latsopano ligulitsidwe ndi cipepala coonetsa m'mene limagwirira pa mseu wonyowa. Poyamba zilembo zinali kucokera pa A kufika pa G, ndipo mu 2021 anazicepetsa kukhala A mpaka E. Pofotokoza zilembozo ananena kuti galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola, ikakhala ndi matayala a gulu lotsiriza, ingaime mamita 18 patsogolo pa inzace ya matayala a gulu loyamba. Mamita 18 ndi utali wa magalimoto ang'ono anai ondandalikidwa. Pa malo pamene galimoto yoyamba yaima kale, yaciwiriyo ikadathamangabe.

Pano tinene mosakondera. Si tayala liri lonse lochipa limene liri loipa, ndipo si lodula liri lonse limene liyenera mtengo wace. Alipo matayala a mtengo wapakati amene amagwira bwino ndithu. Koma cimene cimanyenga anthu ndi ici: pa mseu wouma, tayala lochipa ndi lodula amasiyana pang'ono cabe. Mwini galimoto amayenda miyezi yonse ya cilimwe osaona cobvuta, nayamba kuseka anzace amene anataya ndalama. Kusiyana kweni-kweni kumadikira mvula.

Pokhota

Okwera njinga adzamva msanga zimene tikunena apa. Mukakhota pa mcenga ndipo gudumu la kutsogolo literereka, mahandulo mwapotoza koma njinga imapitabe molunjika. Likaterereka la kumbuyo, njinga imagwedeza mcira nikuponyani cam'mbali. Galimoto nayo iri ndi matenda awiri omwewa.

Matayala a kutsogolo akakhala ofooka kuposa a kumbuyo, dalaivala amapotoza ciongolero koma mphuno ya galimoto imakana kukhota. Azungu amati understeer. Muno mu Zambia timayenda ku dzanja lamanzere. Motero ngati mseu ukhotera kumanzere, galimoto yokana kukhota imalowa mbali ya magalimoto obwera. Ngati ukhotera kumanja, imatulukira kumanzere m'mphepete, kumene kumayenda anthu a pansi, a njinga ndi amai ogulitsa tomato. Pa galimoto ya liwiro cinthuci cimakula, cifukwa matayala abwino a kumbuyo, amene sakuterereka, amakankhabe ndi mphamvu yonse ya injini pamene a kutsogolo ataya kale mseu.

Komabe matenda amenewa ali ndi mankhwala amene pafupi-fupi munthu ali yense amawapeza yekha. Akacita mantha amacotsa phazi pa mafuta, liwiro limatsika, ndipo kawiri-kawiri matayala a kutsogolo amagwiranso.

Matenda aciwiri ndi oopsa koposa. Matayala a kumbuyo akakhala ndiwo ofooka, mbuyo ya galimoto imathawira kunja kwa ngodya, ndipo galimoto yonse imayamba kuzungulira. Uku amati oversteer. Kuti aiwongole, dalaivala ayenera kupotoza ciongolero mwamsanga kuloza kumene mbuyo ikuthawira, mwa muyeso woyenera, ndipo osaponda buleki mwa mantha. Ndi ocepa amene anaphunzira kucita zimenezi. Galimoto ikapingasa mu mseu imaombedwa m'nthiti, m'mene mulibe injini kapena buti yochinjiriza anthu, ndipo ikafika m'mphepete cam'mbali imagubuduka.

Ndico cifukwa cace opanga matayala amalangiza kuti munthu akagula atsopano awiri okha, awaike kumbuyo, ngakhale galimotoyo ikhale yokoka ndi magudumu a kutsogolo. Apa ndipo pali coonadi ca mwini galimoto ya liwiro uja. Poika abwino kumbuyo wapewa ngozi yaikulu ya kuzungulira. Koma wagula zinthu zina ziwiri zimene sanaziwerengere: galimoto yocedwa kuima, ndi galimoto yokana kukhota.

Palinso cacitatu, cimene kwa ife cioneka cobisika koposa zonse. Galimoto ya matayala osiyana iri ndi makhalidwe awiri. Pouma imayenda mwaulemu. Ponyowa, kutsogolo kumafooka kwambiri pamene kumbuyo kwafooka pang'ono, ndipo galimoto imasanduka ina. Manja a dalaivala anazolowera yoyamba ija. Amalowa pa ngodya imene amaidziwa, pa liwiro limene amalowera masiku onse, ndipo apeza kuti akuyendetsa galimoto yacilendo. Akapotoza ciongolero mopitirira, kenaka matayala a kutsogolo nagwira modzidzimutsa, galimoto ingalumphire mbali inayo.

Phunziro la Corvair

Kuti kulingana kwa kutsogolo ndi kumbuyo si nkhani yaing'ono, America anakuphunzira ndi galimoto yochedwa Chevrolet Corvair, imene inayamba kugulitsidwa monga galimoto ya caka ca 1960. Injini yace inali kumbuyo. Kuti iyende bwino pokhota, opanga analamula kuti matayala a kutsogolo apopedwe mapaundi 15 okha, koma a kumbuyo 26. Anthu ambiri opopa matayala sanali kudziwa zimenezi, ndipo anali kupopa onse mofanana monga pa magalimoto ena. Kungotero, khalidwe la galimoto pokhota linali kusintha.

Mu 1965 loya wina, Ralph Nader, anatulutsa buku lochedwa Unsafe at Any Speed, ndipo mutu wace woyamba unali wodzudzula Corvair. Caka cotsatira, mu 1966, dzikolo linakhazikitsa lamulo loona za citetezo ca magalimoto. Mu 1972 boma la America, litayesa galimotoyo, linanena kuti siinali yoipa kuposa magalimoto ena ofanana nayo a nthawi yace. Sitiri pano kuweruza mlandu umenewo. Cimene tikutengapo ndi cakuti ngati mpweya wokha ungasinthe mayendedwe a galimoto motero, nanga kusiyana kwa mphira weni-weniwo?

Ena amati masiku ano zimenezi zinatha, cifukwa magalimoto ali ndi makompyuta. Zoona, mabuleki a ABS, amene amaletsa magudumu kuumiratu, anayamba kuoneka pa magalimoto a Mercedes-Benz mu 1978, ndipo makina oletsa galimoto kuzungulira anatsatira mu 1995. Makina amenewa apulumutsa anthu ambiri. Koma nchito yao ndi kugawa bwino mphamvu yogwira imene matayala ali nayo. Sangalenge imene palibe. Ndiponso anawachera poyesa ndi matayala anai ogwirizana. Makampani ena amafika poika cizindikiro cao pa matayala amene anawayesa ndi kuwabvomereza: Porsche amaika cilembo ca N, BMW amaika kanyenyezi, Mercedes-Benz amaika MO.

Dziko lathu liri ndi mbiri pa mipikisano ya magalimoto, ndipo Satwant Singh anakhala katswiri wa Africa yense maulendo 8. Pa mipikisano yotere matayala amasankhidwa molingana ndi mseu wa tsikulo, ndipo amasinthidwa ngakhale asanathe. Nthawi zina akatswiri amasiyanitsa dala matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo kuti galimoto ikhote monga afunira. Koma iwo amatero atayesa, pa mseu wotsekedwa, atabvala cisoti, m'galimoto yolimbitsidwa ndi mapaipi a citsulo. Sanyamula amai oyembekezera kapena ana.

Pa miseu yathu

Tibwere tsopano kwathu. Magalimoto ang'ono ambiri amene amacita takisi m'maboma athu ndi ogwiritsidwa kale nchito ocokera ku Japan, monga Toyota Corolla, amene amakoka ndi magudumu a kutsogolo. Pa magalimoto otere matayala a kutsogolo ndiwo amatha msanga, cifukwa amakoka, amakhota, ndi kuimitsa. Dalaivala akapeza ndalama ya matayala awiri, amaika atsopanowo kutsogolo, nasiya akutha kumbuyo. Amati kumbuyo kumangotsatira. Ndi nzeru yomwe ija ya mwini galimoto ya liwiro, koma yotembenuzidwa, ndipo iyi ndiyo yoopsa koposa, cifukwa imasiya mbali yofooka kumene dalaivala alibe ciongolero.

Mizere ya pa tayala siinaikidwe kuti ikongoletse. Ndi ngalande zotulutsira madzi. Tayala likamagudubuzika pa mseu wonyowa liyenera kukankhira madzi pambali kuti mphira ukhudze tala. Ngalande zikatha, madzi amalowa pansi pa tayala, ndipo pa liwiro tayalalo limayandama. Likayandama la kutsogolo, dalaivala amamva ciongolero capepuka ndipo amadziwa kuti acepetse liwiro. Likayandama la kumbuyo samva kanthu kufikira mbuyo itayamba kale kuthawa.

Nthawi yoipitsitsa ndi ya mvula zoyamba, mu October ndi November. Miyezi yonse ya cilimwe mseu umakhala ukusonkhanitsa pfumbi, mafuta odontha ndi zinyenyeswa za mphira. Mvula yoyamba siitsuka zimenezi, imangozisandutsa phala loterera. Amene amayenda mu Great East Road adziwa mapiri ndi ngodya za ku Manenekera, ndi zotsika za ku mlatho wa Luangwa. Malo otere salekerera tayala lakutha.

Pa minibasi ndi vaneti pali bvuto lina, la katundu. Tayala liri lonse liri ndi nambala yonena kulemera kumene lingasenze. Tayala la galimoto yaing'ono lolembedwa 91 lingasenze makilogramu 615. Tayala la minibasi lolembedwa 106 lingasenze makilogramu 950, ndipo limakhala ndi cilembo ca C kapena LT, kusonyeza kuti ndi la katundu. Kusiyana kwace ndi makilogramu 335, ndiko kuti matumba a cimanga a makilogramu 50 oposa 6 pa tayala limodzi. Tayala la galimoto yaing'ono lingalowe ndithu pa limu ya vaneti, ndipo ndi lochipa. Koma likasenzetsedwa feteleza pa dzuwa la October limapindika m'mbali pa kuzungulira kuli konse, limatentha, ndipo potsiriza limaphulika.

Coipa kuposa zonse ndi kusiyanitsa matayala a mbali imodzi, ndiko kuti la kumanzere ndi la kumanja. Mlimi amene anamangapo pa goli limodzi ng'ombe yamphamvu ndi yofooka adziwa kuti mzere umakhota ngakhale agwire khasu bwanji. Galimoto ya tayala latsopano kumanja ndi lakutha kumanzere, poima modzidzimutsa imakokera mbali imodzi. Ku Britain lamulo limaletsa kuika tayala la radial ndi la mtundu wakale wa cross-ply pa ekiselo imodzi, ndipo limaletsanso kuika radial kutsogolo pamene kumbuyo kuli cross-ply. Onani kuti ngakhale lamulo limeneli likuteteza mbuyo ya galimoto. Pa kanta ndi malole a matayala awiri-awiri kumbuyo, awiri ogundanawo ayenera kukhala a msinkhu umodzi, apo ai lalitalilo limasenza katundu yense lokha. Ndipo pa magalimoto okoka ndi magudumu onse anai, matayala osiyana msinkhu amabvutitsa magiya, cifukwa magudumu sazungulira mofanana. Ndalama imene inapulumutsidwa kwa wogulitsa matayala imakathera ku galaji.

Kuwerenga tayala

Tayala limanena lokha mbiri yace kwa amene afuna kuwerenga. M'mbali mwace mumakhala zolembedwa monga 195/65 R15 91H. Nambala yoyamba ndi kutambalala kwace m'mamilimita. Yaciwiri ndi kutalika kwa m'mbali poyerekeza ndi kutambalalako. R ndiye radial, 15 ndi kukula kwa limu m'mainchesi, 91 ndi katundu uja tanena, ndipo cilembo cotsiriza ndi liwiro limene tayala lingapirire: S ndi makilomita 180 pa ola, T ndi 190, H ndi 210, V ndi 240. Wina adzati ndani amathamanga motero m'dziko muno? Palibe ayenera kutero. Koma cilembo capamwamba cimasonyezanso tayala lopirira kutentha, ndipo kutentha tiri nako.

Funani kenaka mzere woyamba ndi zilembo za DOT. Kumapeto kwace kuli manambala anai. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi caka cimene tayala linapangidwa. Motero 2319 ndiko kuti sabata ya 23 ya caka ca 2019. Mukapeza manambala atatu okha, tayalalo linapangidwa caka ca 2000 cisanafike, ndipo malo ace ndi pa ngolo ya ng'ombe kapena kwa osoka nkhwaila. Mphira umakalamba ngakhale tayala lisayende. Umauma, umang'ambika timing'alu, ndipo suthanso kugwira. Opanga magalimoto ambiri amalangiza kusintha tayala likakwanitsa zaka 6, ndipo opanga matayala ena amati zaka 10 ndiwo malire otsiriza, ngakhale mizere ioneke yatsopano.

Nkhani ya ukalamba wa tayala inamveka pa dziko lonse pamene Paul Walker, wosewera m'mafilimu, anafa pa 30 November 2013 ku California pamodzi ndi mnzace Roger Rodas, amene anali kuyendetsa Porsche Carrera GT. Ofufuza anapeza kuti cimene cinadzetsa ngoziyo ndi liwiro lopitirira, koma analembanso kuti ena mwa matayala a galimotoyo anali a zaka 9. Inali galimoto yodula kwambiri, yosayenda kawiri-kawiri.

Ici cikhudza maka-maka ogula matayala a salaula. Sitinyoza munthu wogula salaula, pakuti thumba ndilo limalamula. Koma ogula ayang'ane caka, ayang'ane ming'alu ndi zotupa m'mbali, ndipo apempe kuona m'kati ngati muli zigamba. Cigamba ca pa mizere cingakhale bwino ngati caikidwa mwaluso, koma bala la m'mbali siliyenera kukonzedwa. Acenjerenso ndi matayala a cipale, amene ena amabwera pa magalimoto ocokera ku Japan. Amadziwika ndi timizere tating'ono tambiri-mbiri tokhota-khota, ndi cizindikiro ca phiri ndi cipale kapena mau akuti studless. Mphira wao ndi wofewa, wopangidwira kuzizira koopsa. Pa tala yotentha ya kuno amatha msanga ndipo amacedwa kuima.

M'kati mwa ngalande za tayala muli timizere topingasa totukuka pang'ono. Tayala likatha kufikira pofanana ndi timizereto, kuya kwa ngalande kwatsala mamilimita 1.6, ndipo ku maiko ambiri amenewa ndiwo malire a lamulo. Pa mvula tayala limayamba kufooka lisanafike pamenepo. Alipo anyamata ena aluso amene amasema mizere yatsopano pa tayala la dazi ndi kampeni kotentha. Kusema kumaloledwa pa matayala ena a malole okha, olembedwa kuti regroovable, amene anapangidwa ndi mphira wocindikala. Pa tayala la galimoto yaing'ono mpeni umafika pafupi ndi mawaya, ndipo tayalalo, ngakhale lioneke bwino pa msika, latsala ndi khungu lokha.

Ngati ndalama ikwanira awiri okha

Ici ndico cimene cimacitika kwa ambiri, ndipo uphungu wongoti "gulani anai onse" suthandiza munthu amene akudikira kugulitsa cimanga kapena thonje. Woteroyo agule awiri ofanana, a dzina limodzi ndi mtundu umodzi, a saizi ndi nambala ya katundu imene opanga galimoto analemba pa mphuthu ya citseko kapena m'buku. Awaike onse kumbuyo, ndipo pa akalewo asankhe awiri abwino koposa apite kutsogolo. Ngati a kutsogolowo afika kale pa timizere tija, ndiye kuti galimotoyo ifuna matayala anai, ndipo palibe kasinthidwe kamene kangabise zimenezo. Kwa mwini galimoto ya liwiro yankho ndi lomwelo. Matayala anai a mtengo wapakati, a mtundu umodzi, amapanga galimoto yodziwika khalidwe lace kuposa awiri a pamwamba ndi awiri a pansi.

Mpweya uyesedwe m'mawa matayala asanatenthe, ndi geji, osati ndi cidendene. Tayala locepa mpweya limatentha ndi kudyeka m'mbali, ndipo lopopedwa kwambiri limadyeka pakati. Tayala lodyeka mbali imodzi yokha likunena kuti magudumu sanalunjike, ndipo latsopano likaikidwa pomwepo osakonza lidzatha cimodzi-modzi.

Bungwe la Road Transport and Safety Agency, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamseu la 2002, limayesa magalimoto, ndipo apolisi amayang'ana matayala pa miseu. Koma pepala la fitinesi limanena za tsiku limene galimoto inayesedwa, ndipo pa miseu ya kumidzi wapolisi saoneka tsiku liri lonse. Wokwera ali ndi maso. Pamene kondakitala akumanga katundu pamwamba, nthawi iripo yozungulira galimoto ndi kuona ngati mawaya atulukira kapena ngati tayala liri ndi cotupa. Munthu wamkulu angathe kunena mwaulemu kuti, "Adalaivala, tayala ili latopa, tiyendeko pang'ono-pang'ono." Mafumu ndi makomiti a sukulu kapena a mpingo amene amabwereka lole yonyamula anthu ku maliro, ku cikwati kapena ku mpira, ali ndi mphamvu yoposa pamenepo, cifukwa ndiwo akulipira, ndipo angakane galimoto asanakwezemo anthu.

Tayala lacisanu, la sipeya, nalonso lifunsidwe. Pa magalimoto ambiri ndilo lakale koposa onse, ndipo limakhala pansi pa buti miyezi yambiri osapopedwa. Magalimoto ena ang'ono ocokera ku Japan amabwera ndi kasipeya kowonda, kamene kanalembedwa kuti kasapitirire makilomita 80 pa ola. Kanapangidwa kuti kafikitse munthu kwa wokonza matayala wapafupi, osati kuti kayende ulendo wa ku Lundazi ndi anthu asanu ndi matumba awiri a nshawa.